Mwini boti amene anakana ndalama zathu

Lero nkhani ndi yaitali, pezani pokhala. Ambiri a inu munaona chithunzi chimene amai akunyumba anaika pano chaka chatha, ine ndili m'boti, nditavala chijekete cha orenji ngati wokonza msewu, nkhope itauma gwa. Munaseka, ndipo ena mpaka lero mukafika pa shopu mumandipatsa moni kuti "a kapitawo a panyanja". Chimene sindinakuuzeni ndi zimene zinachitika chithunzi chija chisanajambulidwe, ndi zimene zinatsatira nditabwerako. Ndazisunga miyezi yonseyi chifukwa mbali ina ndi yochititsa manyazi.

Mwana wathu wamkazi ndi nesi ku Britain. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iye ndi mkamwini anatiitana kuti tikaone mdzukulu, ndipo tisananyamuke anatiuza kuti titenge ma visa awiri, ya Britain ndi ina ya Schengen. Ine sindinafunse kuti yachiwiriyo ndi ya chiyani. Titakhala kumeneko masabata atatu ndi pamene anati, "Adadi, takonza ka holide, tiyenda ku Greece, pa chilumba cha Zakynthos. Kuli mapanga a m'nyanja, mulowa ndi boti." Amai ake anaomba m'manja. Ine ndinangoti zikomo, koma mumtima ndinati safunsa anadya phula.

Zakynthos ndi chimodzi mwa zilumba za m'nyanja ya Ionian, kumadzulo kwa Greece. Ndege kuchokera ku Britain imatenga maola atatu ndi theka. Chilumba chonse m'litali ndi makilomita ngati 40, osafika ngakhale theka la msewu wa Chipata kupita ku Katete, ndipo anthu okhalapo ndi ngati 40,000. M'miyezi ya July ndi August alendo amachuluka kuposa eni mudzi. Azungu ambiri amachitchula kuti Zante, dzina la nthawi imene anthu a ku Venice ankachilamulira, zaka pafupifupi 300. Angelezi nawonso analamulirapo, mpaka mu 1864 pamene chinaphatikizidwa ku Greece. Ndinauza mkamwini kuti ndiye awa ndi anzathu, mbendera yomweyo inakupiza kwao ndi kwathu, kungoti iwo anaitsitsa zaka 100 ndendende ife tisanaitsitse mu 1964. Kumtunda kuli mitengo ya olivi ponseponse, ina yokalamba moti thunthu lake anthu atatu sangalizungulire ndi manja, ndi minda ya timphesa tating'ono timene amaumitsa padzuwa.

Manje ndikuuzeni chifukwa chake mtima wanga unali pansi. Ine ndi madzi sitinamvane kuyambira February 1978. Ndinali ndi zaka 12, akulu anga anali ndi zaka 19. Tinkachokera kuchigayo ndipo tinapeza mtsinje wa Lupande utadzaza, madzi ofiira, mitengo ikuyandama. Pa dooko panali munthu wa m'mudzi mwathu momwemo amene ankaolotsa anthu ndi bwato, 10 ngwee pa mutu. Bwato lake linali la anthu asanu. Tsiku limenelo dzuwa linali litapendeka, anthu anali ambiri, aliyense akufuna kukagona kwao. Anakweza asanu, kenako anati awiri ena angakwane, kenako mmodzi winanso, pamwamba pake njinga ndi thumba lathu la ufa. Akulu anga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe tsala, ubwere ulendo wachiwiri, nikuyembekeza kutsidya." Ndinaimirira pamtunda ndikuona. Pakati pa mtsinje chigodo chinagunda bwato, ndipo chifukwa m'mphepete mwake munatsala pang'ono chabe kuti mufanane ndi madzi, silinachedwe kudzaza. Anthu atatu sanatuluke. Akulu anga tinawapeza tsiku lachitatu, atakodwa m'mabango. Wopalasa uja anasambira n'kupulumuka.

Anakhala ndi moyo mpaka kukalamba. Amai anga sanam'patsenso moni mpaka anamwalira, ndipo ife ana tinatengera. Maliro a kwao sitinkapitako, a kwathu sankabwera. Zaka ziwiri tisanapite ku Greece mwana wake wamwamuna, amene ndi mmisiri womanga, anafika pa shopu panga kudzapempha malata 20 pangongole, mphepo itasasula denga la nyumba yake. Ndinam'lozera chikwangwani chija chimene tonse timapachika, chonena kuti pano sitikongoza. Pansi pa kaunta panali buku langa la ngongole lokhala ndi maina oposa 40. Iye ankadziwa, ine ndinkadziwa kuti akudziwa. Anavula chipewa, anati zikomo, n'kupita. Munthu ameneyu mu 1978 anali mwana woyamwa.

Tsono tsiku la mapanga linafika. Mapanga otchuka, amene amawatcha Blue Caves, ali kumpoto kwenikweni kwa chilumba, pa nsonga ya Skinari. Maboti ambiri amanyamukira pa kadooko kotchedwa Agios Nikolaos, makilomita ngati 30 kuchokera m'tauni, msewu wokhotakhota wa m'mapiri. Tinachedwa. Mdzukulu anagona, amai akunyumba anafuna kuona masitolo, motoka yobwereka inativuta kupeza poimika. Tinafika cha m'ma 15 hours.

Pa dooko panali timatebulo ta ogulitsa matikiti, aliyense ndi zithunzi zake, akuitana anthu monga timachitira pa siteshoni ya mabasi. Mwana wanga anasankha mkulu wina wa imvi, khungu lopsa ndi dzuwa, wa kaboti kakang'ono, chifukwa anawerenga kuti maboti ang'onoang'ono ndi amene amalowa m'kati mwenimweni. Mtengo unali ma euro 20 munthu mmodzi, ndalama yoti kwathu kuno mugule thumba la ufa chenji n'kutsala. Mkamwini anatulutsa ma euro 80 n'kuwatambasula. Mkulu uja sanayang'ane ndalama. Anayang'ana kunyanja, kumene timafunde toyera tinali titayamba kuoneka, n'kunena liwu limodzi: "Avrio." M'chinenero chao ndiye kuti mawa.

Anafotokoza m'chingelezi chake chodukaduka, mwana wanga akundimasulira pomwe sindinamve. M'chilimwe, anati, kumeneko kumaomba mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo imene amaitcha maistros. M'mawa nyanja imagona, masana mphepo imadzuka, pofika madzulo mafunde amakula. Khomo la mapanga ena ndi lalifupi moti muyenera kuweramitsa mutu polowa. Funde likabwera boti lili pakhomo, limakukwezani n'kukugunditsani kudenga la mwala. Chachiwiri, anati, mapangawo ayang'ana kum'mawa, ndipo mtundu umene anthu amadzera kutali kudzaona umaoneka bwino dzuwa likadali mbali imeneyo. "Mukapita tsopano, mulipira zonse, muona theka, ndipo amai awa asanza," anatero akuloza amai akunyumba.

Pa tebulo loyandikana mnyamata wina anamva zonse, n'kutikodola kuti boti lake lalikulu likunyamuka pakapita mphindi 10. Mkamwini anam'funsa ngati lilowa m'mapanga. Anayankha kuti tikaona komweko. Anzanga amalonda, yankho limeneli mukulidziwa. Ndi lomwe timapereka munthu akafunsa ngati penti uyu sasuluka ndi mvula. Sindikuti mnyamatayo anali wakuba. Boti lake linali lalikulu, mafunde amenewo silikanawamva kwambiri, ndipo anthu anakweradi n'kubwerako bwino. Koma mwana wanga anati tidikire mawa, ndipo tinabwerera.

M'motoka mitima yanga inali iwiri. Wina unali kuvina chifukwa ndapulumuka tsiku limodzi. Winawo, wa pa shopu, unali kuwerengera. Munthu uyu nyengo yake ya malonda ndi miyezi inayi kapena isanu pachaka, kenako alendo amatha. Wakana ma euro 80 ali m'manja, pamaso pa mnzake wopikisana naye, osatenga ngakhale dipoziti, osadziwa ngati tibwerera. Ndinadzifunsa kuti ine ndikanatero? Pomwepo m'mutu mwanga munabwera mawu a pa Lupande aja, akuti awiri ena angakwane.

Madzulo tinapita m'tauni ya Zakynthos kukadya. Tauni imeneyi ndi yatsopano ngakhale chilumba ndi chakale, chifukwa mu August 1953 chivomezi chachikulu, ndi moto umene unatsatira, zinagwetsa pafupifupi nyumba zonse. Mwa zochepa zimene zinatsala chiimire pali tchalitchi cha Dionysios woyera, m'mbali mwa dooko, chokhala ndi nsanja yaitali ya belu. Tinalowa kungoona monga alendo. Thupi lake lili m'bokosi lasiliva, ndipo anthu a mpingo wa Orthodox amaima pamzere kudzaligwadira. Mwambo wao ndi wosiyana ndi wathu, ine ndinangoima kumbuyo. Mwana wanga ndiye anandiwerengera mbiri yake.

Dionysios anabadwira pa chilumba chomwecho mu 1547, m'banja lolemera. Anakhala bishopu pa chilumba cha Aegina, kenako anatula udindo n'kubwerera kwao kukakhala ku nyumba ya amonke ya Anafonitria, kumapiri a kumpoto, kufupi ndi komwe tinali masana. Nkhani imene mwana aliyense wa pa Zakynthos amaidziwa ndi iyi. Tsiku lina munthu anafika akuthawa, akupempha pobisala chifukwa wapha munthu ndipo abale a malemu akum'thamangitsa. Dionysios atafunsa kuti wapha yani, munthuyo anatchula dzina la Constantine, m'bale wake weniweni wa Dionysios, osadziwa amene akulankhula naye. Dionysios analira, koma anam'bisa. Om'saka atafika sanamuulule. Pambuyo pake anam'patsa kamba wa panjira, anam'perekeza kugombe n'kum'kweza boti kuti achoke pa chilumbapo. Anamwalira mu 1622, ndipo mpaka lero theka la amuna mukakumana nawo kumeneko mungaganize kuti onse ndi a Dionysios.

Mwana wanga anawerenga izi ngati nkhani ina iliyonse ya alendo. Iye za malata 20 sankazidziwa. Amai ake ankazidziwa. Sananene kanthu, anangondiyang'ana kamodzi n'kukonza chitenge chao. Amene muli pabanja zaka zoposa 30 mukudziwa kuti kuyang'ana kumeneko kumaposa ulaliki.

Usiku sindinagone bwino. Tinadzuka 6 koloko, ndipo 8 koloko itangopitirira tinali pa dooko. Nyanja inali phee ngati madzi a m'beseni. Mkulu uja atationa anati "Kalimera", sanadabwe ngakhale pang'ono. Boti lake linali ndi malo a anthu 12. Anatiwerenga ndi chala mmodzimmodzi, mdzukulu naye anawerengedwa ngati munthu wathunthu. Atamasula chingwe, mwamuna ndi mkazi anabwera akuthamanga, ndalama zili m'manja. Pa benchi lakumbuyo tikanatha kufinyana. Anawauza kuti adikire ulendo wachiwiri. Ine ndinali nditagwira chitsulo cha m'mbali mpaka zala kuchita dzanzi, koma nditaona zimenezo ndinamasula dzanja limodzi. Pafupi ndi chiwongolero anamatapo kachithunzi ka Nikolaos woyera, amene amalinyero a ku Greece amam'tenga ngati mtetezi wao, ndipo dooko lomwelo linatengera dzina lake.

Kuchokera pa dooko kufika pa mapanga ndi mphindi zochepa chabe. Gombe la kumeneko lilibe mchenga, ndi khoma la mwala woyera lotsika molunjika m'madzi. Ndi mwala wa laimu, mtundu womwewo umene amakumba ku Chilanga popanga simenti. Mwala umenewu unapangika kuchokera ku zigoba za tizilombo ta m'nyanja zimene zinaunjikana pansi kwa zaka zosawerengeka, kenako nthaka inakwera. Uli ndi ming'alu, ndipo madzi amaudya pang'onopang'ono. Funde likamenya khoma limakankhira madzi ndi mpweya mu mng'alu, likabwerera limakoka tizidutswa. Timiyala ndi mchenga zimene lanyamula zimapala ngati tupa. Madzi a mvula nawo amalowa kuchokera pamwamba n'kumasungunula. Mng'alu umasanduka dzenje, dzenje limasanduka phanga, ndipo phanga likabooka mbali zonse ziwiri pamatsala chipata chokhota pamwamba ngati khomo la tchalitchi. Zipata zotere zilipo zingapo zondondozana, ndipo tinadutsa pansi pake chimodzichimodzi, mwala uli pafupi moti mkamwini anaukhudza.

Titafika pa phanga lenileni mkulu uja anachepetsa injini, kenako anaizimitsa. "Siga siga," anatero, ndiko kuti pang'onopang'ono. Anatiuza ndi dzanja kuti tiwerame. Iye anaimirira kutsogolo n'kumakankha denga ndi zikhatho, boti likulowa ngati ng'ombe yolowa m'khola lachilendo. Ndinaona ndi maso anga kuti pakati pa mutu wanga ndi mwala panatsala danga losakwana mkono. Dzulo lake funde limodzi likanakwana.

M'kati munali mdima ndi kuzizira, fungo la mchere ndi mwala wonyowa, ndi phokoso la madzi akumenya m'makona, phwa, phwa, likubwerera kuchokera kumakoma. Maso atazolowera ndinaona kuti kuwala sikukuchokera kumwamba monga tinazolowera. Kukuchokera pansi pa boti. Madzi onse anali kuyaka mtundu wa buluu woposa uja timaika pochapa zovala zoyera, ndipo kuwalako kunali kugwedezeka pa denga ndi pa nkhope zathu. Amai akunyumba anati, "Mayo ine, ayatsa magetsi pansi?" Palibe magetsi. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. Kukalowa m'madzi, madzi amameza kofiira poyamba, pa mamita ochepa chabe, ndipo kobiriwira ngati thambo ndi kumene kumapita patali. Kumagunda pansi pa nyanja, pamene ndi poyera chifukwa cha laimu uja, n'kubwerera m'mwamba kudzera pansi pa khomo la phanga. Popeza m'kati mulibe kuwala kwina kopikisana nako, mumaona buluu yekhayekha. Ndicho chifukwa chake mkulu uja anati m'mawa. Dzuwa likapita kuseri kwa phiri, nyale ija imazima.

Panali phanga lina limene analidutsa osalowa, ngakhale mzungu wina anapempha. Anati m'mapanga ena okhala ndi kamchenga kobisika kumapeto mumaberekera nyama yotchedwa monk seal, yonga katumbu wamkulu wokhala ndi zipsepse m'malo mwa miyendo. Zatsala zochepa kwambiri padziko lonse, ndipo zikasokonezedwa zimatha kusiya ana. Kum'mwera kwa chilumba, ku Laganas, kulinso magombe otetezedwa ndi lamulo kuyambira 1999 chifukwa akamba a m'nyanja amaikira mazira mumchenga wake. Munthu amene amadya za nyanja anali kudziwa pomwe ayenera kulekezera.

Pamalo pena anaponya nangula kuti ofuna kusambira asambire. Mwana wanga ndi mkamwini analumphira, ndipo matupi ao m'madzi anasanduka a buluu wonyezimira, mdzukulu akukuwa kuti amami asintha. Mkulu uja anandiyang'ana ine, amene ndinali ndisanasunthe pa mpando, n'kuloza madzi, kenako dzanja langa. Ndinakana ndi mutu. Anangomwetulira, osakakamiza. Patapita kanthawi ndinapinda malaya n'kuviika mkono mpaka m'chigongono. Kunali koyamba kuchokera 1978 kuti ndiike dzanja m'madzi akuya mwa kufuna kwanga. Mkono wanga wakuda uwu unaoneka ngati wasiliva. Ndinatunga madziwo m'chikhatho kuti ndiwaone pafupi, ndipo anali madzi wamba, opanda mtundu. Amai akunyumba anati, "Imwe, mulira?" Ndinati ni mchere chabe. Anati, "Ehe, mchere wamene uchokera m'maso." Chithunzi chimene munaseka chija chinajambulidwa mphindi zochepa izi zisanachitike.

Popeza nyanja inali ikadali yofatsa, anazungulira nsonga ya Skinari, pansi pa nsanja ya nyale yotsogolera zombo, n'kutsika mbali ya kumadzulo kukationetsa Navagio. Ambiri munaionapo pa makalendala: kagombe ka mchenga woyera kotsekeredwa ndi makoma a mwala otalika mamita ngati 200, pakati pali chombo chadzimbiri chitagona. Dzina lake ndi Panagiotis, chinapangidwa ku Scotland mu 1937, ndipo chinatitimira pamenepo mu 1980 nyengo itaipa. Nkhani imene eni chilumba amasimba ndi yoti chinanyamula fodya wozembetsa. Anzanga a pa Mwami, musandiyang'ane choncho, ine ndikungofotokoza. Kale alendo ankatsika n'kumalemba maina pa chombocho. Mu 2018 chigawo cha khoma chinagumuka n'kuvulaza anthu, ndipo pamene ife tinapitako kutsika kunali koletsedwa, maboti amangoima patali kuti mujambule. Pobwerera, cha m'ma 11 koloko, mphepo inali itayamba, boti likudumphadumpha, ndipo amai akunyumba anayamba kukhala chete. Mkulu uja anandiyang'ana n'kutukula nsidze. Ndinamumva.

Potsika ndinam'gwira chanza ndi manja awiri monga timachitira kwathu, ndinati "Efharisto", liwu limodzi lomwe ndinaphunzira. Ndinapempha mwana wanga amuuze kuti akulu anga anafera m'bwato lodzaza mopitirira. Mkuluyo anakhala chete, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kunena kuti nyanja siidziwa kuti munthu ali ndi ngongole. Kenako anatembenuka kukawerenga anthu a ulendo wachiwiri, ndipo awiri aja anali oyamba pamzere.

Nditabwera kuno zinthu ziwiri zinandidikira. Choyamba chinali chapafupi. Canter yanga imaloledwa kunyamula matani atatu, koma popita ku Lundazi ndinkaikamo simenti yopitirira, pamwamba pake anyamata awiri otsitsa katundu, chifukwa dizilo ndi wodula ndipo ulendo wachiwiri umadya phindu. Zaka zonsezi ndakhala ndikudana ndi munthu chifukwa cha mawu akuti awiri ena angakwane, pamene ine ndimanena mawu omwewo Lachiwiri lililonse. Kusiyana kwathu n'kwakuti tayala langa silinaphulike pa chitunda. Ndinachepetsa katundu. Phindu latsikadi, sindikunamizani, ndipo mwezi wa January ndinalimva.

Chachiwiri chinanditengera miyezi itatu. Mu October ndinatuma uthenga kumudzi kuti mmisiri uja adzandione. Anabwera atavala jekete, akuganiza kuti mwina pali nchito. Ndinam'lowetsa kuseri, tinakhala pa matumba a laimu, ndinam'gulira Fanta. Ndinamuuza kuti tsiku lija ndinanama, buku la ngongole linalipo, ndipo ndinam'kaniza chifukwa cha atate ake. Anati ankadziwa. Kenako anandiuza zimene sindinafunepo kumva. Atate ake sanagwirenso nkhafi kuchokera tsiku limenelo. Mvula yoyamba ikagwa ankadzuka usiku akukuwa, mpaka ukalamba wao. Ndipo mwa atatu amene anamira, mmodzi anali mwana wa mlongo wao, mtsikana wa zaka 9 amene anam'kweza ulere. Zimenezi ndinkazidziwa, ndinali pamaliro a mudzi wonse. Koma kwa zaka zoposa 40 powerenga akufa a tsiku lija ndinkawerenga mmodzi yekha.

Denga lake anali atafolera kale ndi udzu ndi pulasitiki, likudontha. Ndinam'patsa malata 20 ndi misomali, ndinalemba dzina lake m'buku ngati wina aliyense. Mpaka pano wabweza theka, amatumiza pa foni akapeza. Sindinachite chachikulu. Dionysios anabisa wakupha mwini wake usiku womwewo, ine ndinakongoza malata kwa mwana wosalakwa patapita zaka 46, mwini nkhani ali kale m'manda ndisanam'patse moni. Mpata umenewo sudzabweranso.

Ndipo nkhani siinathere bwino ponseponse. Alongo anga aakulu, amene anasambitsa amai pa maliro aja, atamva anandiimbira foni n'kunena kuti ndagulitsa magazi a m'bale wathu ndi malata. Kuyambira Khirisimasi sayankha foni yanga. Sindingawaweruze, iwo anaona zimene ine ndili mwana sindinaone. Loweruka likubwerali ndikupita kumudzi kukakhala nawo pansi, ndipo sindidziwa ngati andilandira. Amene mumapemphera mundikumbukire.

Kwa inu a maminibasi, a ma Canter, a njinga zamoto zonyamula anthu atatu ndi mbuzi, ndi inu amene mumaolotsa anthu pa Lupande, pa Lukuzye ndi pa Luangwa mvula ikagwa: werengani mitu, ndipo nambala ikakwana wotsalayo adikire ulendo wachiwiri, ngakhale akutukwaneni. Inunso okwera, munthu akakuuzani kuti mawa, musathamangire kwa mnzake amene akuti tikaona komweko. Ine ndinatsala pamtunda tsiku lina ndili ndi zaka 12, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi lero.

Mugulitse bwino sabata ino. Amene muli ndi ngongole pa shopu, buku lija likadalipo.